John Chilembwe: Singano, Sitolo ndi Chipewa

Dzina la John Chilembwe likamveka, ambiri a ife timangoganiza za mikondo ndi mfuti za usiku wa pa 23 Januwale, 1915. Ana a sukulu amaloweza tsikuli pokonzekera mayeso, ndipo akuluakulu amalikumbukira akaona nkhope yake pa ndalama ya pepala. Komatu nkhondo ya Chilembwe siidathe ngakhale masabata awiri, pamene ntchito yake pa mishoni ya ku Mbombwe idatenga zaka pafupifupi 15. M'zaka zonsezo zida zimene iye adadalira zidali choko, khasu, njerwa, singano ndi malonda. Tsono m'gawo lino, awerengi, tiyeni tione moyo wa munthuyu kuchokera kumbali imene siikambidwa kawirikawiri, mbali ya zovala ndi sitolo. Nkhaniyi ikukhudza makamaka achinyamata amene mtima wawo uli pa usoki, pa malonda a m'sitolo, kapena pa ntchito yokonza maukwati ndi misonkhano, amene nthawi zambiri amauzidwa kuti zimenezi ndi ntchito za anthu olephera sukulu.

Nsalu Idali Ndalama

Chilembwe adabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano, m'boma la Chiradzulu. Mbiri imati bambo wake adali Myao, ndipo mayi wake adali Mmang'anja. M'masiku amenewo munthu wamba ankavala nyanda yosulidwa kuchokera ku khungwa la mtengo, kapena chikopa cha nyama, ngakhale kuti ku chigwa cha Shire kudali amisiri odziwa kuomba nsalu za thonje. Nsalu ya kunja inkabwera pamitu ya anthu kuchokera ku nyanja yamchere, ndipo mtengo wake udali minyanga ya njovu, kawirikawirinso anthu enieniwo ogulitsidwa ukapolo. Kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi nsalu yotereyi inkakwera kuchokera kwa Jumbe ku Nkhotakota. Amene adali ndi mikwamba yambiri ya nsalu ndiye adali mwini chuma, ndipo mawu ake ndiwo ankamveka pabwalo.

Azungu atafika, zinthu sizidasinthe msanga. Kampani ya African Lakes, imene idayamba mu 1878 motsogozedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, inkalipira amtengatenga ndi antchito ake ndi nsalu. Kampaniyi ndi imene anthu adaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso amene John Moir ankavala. Kotero mwana wokula m'nyengo imeneyo adadziwa ali wamng'ono kuti chovala sichingofunda thupi ayi, chimanenanso malo a munthu pakati pa anzake.

Kwa Joseph Booth ndi ku America

Ataphunzirako pang'ono pa sukulu ya mishoni ya Church of Scotland, Chilembwe adakalowa ntchito ya m'nyumba kwa Joseph Booth mu 1892. Booth adali Mngelezi amene adachitapo malonda ku Australia asadakhale mmishonale, ndipo adayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre. Iye ankakhulupirira kuti mishoni iyenera kudzidyetsa yokha ndi ulimi ndi luso la manja, ndipo ankalipira antchito ake kuposa Azungu anzake, chinthu chimene chidamudanitsa ndi eni minda ambiri. Chilembwe ankaphika, ankamasulira mawu, ndipo adadwazika Emily, mwana wamkazi wa Booth, pamene adadwala malungo. Adabatizidwa pa 17 Julayi, 1893.

Akulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu 1897 Booth adamutenga Chilembwe kupita naye ku America. Kumeneko awiriwa adasiyana mwamtendere, ndipo mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention, kudzera mwa mlembi wake wa za mishoni Lewis G. Jordan, udamutumiza ku Virginia Theological Seminary and College, mumzinda wa Lynchburg. Zimene adaona kumeneko zidali za mitundu iwiri. Adaona tsankho loopsa, munthu wakuda akukanizidwa mpando ndi chakudya chifukwa cha khungu lake. Koma adaonanso anthu amene adamasuka ku ukapolo mu 1865 chabe ali ndi makoleji awo, nyuzipepala zawo, masitolo awo ndi atelala awo. Iyi idali nyengo ya Booker T. Washington wa ku Tuskegee, amene ankaphunzitsa kuti munthu wakuda adzapeza ulemu mwa luso, ukhondo ndi chuma chodzipezera yekha. Chilembwe adabwerera kwawo mu 1900 ali mbusa wodzozedwa, ndipo maganizo amenewa adabwera nawo.

Singano pa Mbombwe

Atafika adagula malo okwana maekala 93 ku Mbombwe, m'boma lomwelo la Chiradzulu, nayambitsa Providence Industrial Mission. Mu 1901 kudabwera Mbusa Landon Cheek kudzamuthandiza, ndipo mu 1902 kudafika mayi Emma DeLany, amene adaphunzira ku Spelman Seminary, mumzinda wa Atlanta. Onse awiri adali anthu akuda a ku America. Mayi DeLany ndiye adayambitsa maphunziro a kusoka pakati pa amayi ndi atsikana, ndipo wophunzira wake wamkulu adali Ida, mkazi wa Chilembwe. Pofika 1906 alendo awiriwa adali atabwerera kwawo, ndipo Ida ndiye adatsala ndi ntchito yophunzitsa anzake kudula nsalu ndi kusoka.

Zithunzi za m'masiku amenewo zilipo mpaka lero, ndipo zina mwa izo adajambula Mungo Murray Chisuse wa ku mishoni ya Blantyre, mmodzi wa Amalawi oyamba kugwira kamera. Pa zithunzizo Chilembwe amaoneka atavala suti yakuda, kolala yoyera ndi taye. Ida amaoneka mu diresi lalitali lofika kumapazi, la manja aatali, losokedwa mwaluso. Pa chithunzi china amayi akhala pamzere, aliyense ndi nsalu yake pamiyendo, ali pa phunziro la kusoka. Zithunzi zotere zinkatumizidwa ku America kuti othandiza mishoni aone kumene ndalama zawo zikupita, koma zidalinso yankho kwa Azungu a m'dziko muno amene ankati munthu wakuda sangathe kudzisamala.

Pano wowerenga wina angafunse kuti, kodi kuvala suti ndi diresi la Chizungu sikudali kungotsanzira atsamunda ndi kunyoza za makolo? Funsoli ndi lomveka, ndipo nzoona kuti Chilembwe, monga ophunzira ambiri a nthawi yake, adaona kavalidwe ka kumudzi ngati chinthu choyenera kusiyidwa. Koma tiyenera kukumbukira kuti Azungu ambiri a m'minda sankakondwera kuona munthu wakuda atavala nsapato ndi jekete. Iwo ankafuna wantchito wa kansalu m'chiuno, wa mapazi osavala, amene malo ake adali odziwika ngakhale ali patali. Munthu wovala bwino, wodzisokera yekha zovalazo kapena wozigula ndi ndalama za thukuta lake, ankasokoneza dongosolo limeneli. Kotero suti ya Chilembwe idali kunena poyera, popanda kutsegula pakamwa, kuti iye ndi Mzungu adali anthu ofanana.

Nkhani ya Chipewa

Palibe chovala chimene chidabweretsa mkwiyo m'dziko la Nyasaland ngati chipewa. Padali mwambo, wolimba ngati lamulo, woti munthu wakuda akakumana ndi Mzungu pamsewu avule chipewa, apatuke, napereke sawasha, ngakhale Mzunguyo asamudziwe ndiponso ngakhale asayankhe. Wochedwa kuvula ankatha kukalipiridwa, kugwetseredwa chipewacho pansi, kapena kumenyedwa kumene. Mwambowu unkagwera mbusa, mphunzitsi, kalaliki ndi mwini sitolo chimodzimodzi, ndipo unkawawa kwambiri kwa iwo amene adagula chipewa ndi malipiro a miyezi ingapo. Sitolo ya Mzungu inkalandira ndalama ya chipewacho mokondwa, koma mwini sitoloyo sankafuna kuchiona pamutu pa wogulayo.

Mutu Umodzi Susenza Denga

Chilembwe adazindikira kuti kuvala bwino kopanda chuma chakechake nkosakhalitsa. Pa mishoni adayesa kulima thonje, khofi ndi mbewu zina zogulitsa, ndipo adalimbikitsa anthu ake kugula malo ndi kutsegula masitolo. Pakati pa anzake padali Duncan Njilima, amene adali ndi masitolo ake ndi munda waukulu, ndi John Gray Kufa, amene adaphunzira ntchito ya chipatala ku mishoni ya Blantyre nakhalanso ndi munda wake ku Nsoni.

Mu Epulo 1909 Chilembwe, Joseph Bismarck ndi anzawo ena adakhazikitsa bungwe la Natives' Industrial Union. Cholinga chake chidali choti amalonda ndi alimi achikuda azisonkha ndalama, azilangizana ndi kuthandizana, kuti mwini dziko asamangokhala wogula ndi wonyamula katundu wa ena. Maganizo adali abwino, koma bungweli silidakhalitse. Katundu wambiri wolowa m'dziko adali m'manja mwa makampani a Azungu monga Mandala, ndipo masitolo ang'onoang'ono a m'maboma adali kudzadza ndi amalonda a Chimwenye, amene ankapeza katundu wa ngongole mosavuta. Munthu wakuda adalibe mpamba wokwanira, ndipo ogula ake adali anthu osauka amene ndalama yawo yochepayo inkathera ku msonkho.

Ngakhale zidali tero, mishoni idakula. Pofika 1912 sukulu zake zidali ndi ana pafupifupi 1,000. Kuyambira 1911 mpaka 1913 Chilembwe adamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa, chimene chidali pakati pa nyumba zokongola koposa m'chigawo chonsecho. Aliyense amene adayendetsapo ngakhale ukwati wa m'mudzi akudziwa kuti kusonkhanitsa anthu, ndalama, chakudya ndi nthawi kuti zonse zikumane pa tsiku limodzi ndi luso lalikulu. Chilembwe adachita zimenezi kwa zaka, ndi anthu oumba njerwa mongodzipereka ndi zopereka za makobidi ochepaochepa. Kutsogolo kwa tchalitchi chimenechi ndi kumene, mu 1914, adajambulitsa chithunzi ndi mnzake John Chorley, mmishonale wachizungu wa Zambezi Industrial Mission. Onse awiri adaima pamodzi, ndipo onse awiri adali ndi zipewa kumutu.

Mitambo Ichita Bii

Pafupi ndi Mbombwe padali minda yaikulu ya Magomero, ya kampani ya A. L. Bruce, imene woyang'anira wake adali William Jervis Livingstone. Ambiri mwa antchito a kumeneko adali Alomwe othawa nkhanza ndi njala ku Mozambique. Iwo ankakhala pa malowo mwa thangata, ndiye kuti kugwira ntchito m'munda wa Mzungu m'malo mwa lendi ndi msonkho, kawirikawiri kwa miyezi yoposa imene adagwirizana, ndiponso pa nthawi ya dzinja pamene minda yawo inkafuna khasu. Mu 1912 boma lidakweza msonkho wa nyumba kufika pa mashiling'i 8, kapena 4 kwa munthu wogwirako ntchito kwa Mzungu, ndipo m'chaka chomwecho ndi chotsatira mudagwa njala. Eni minda ya Bruce sankalola sukulu pa malo awo, ndipo matchalitchi a udzu amene Akhristu a Chilembwe adamanga kumeneko adatenthedwa. Mwiniwakeyo adali ndi ngongole, ankadwala mphumu, ndipo maso ake adayamba kufooka.

Kenaka kudabwera nkhondo yaikulu ya 1914. Mu Sepitembala chaka chimenecho asilikali achikuda adafa ku Karonga pomenyana ndi Ajeremani. Mu Novembala Chilembwe adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, yodandaula kuti anthu osauka, amene pa mtendere sawerengedwa kanthu, ndiwo akutumizidwa kukafera nkhondo ya eni chuma, nasiya akazi amasiye ndi ana amasiye amene adzafunsidwabe msonkho. Boma lidaletsa kalatayo kufalitsidwa. Apa munthu amene kwa zaka 14 adayesa njira ya sukulu, singano ndi malonda adaona kuti makomo onse atsekedwa.

Loweruka usiku, pa 23 Januwale, 1915, anthu ake adaukira. Ku Magomero adapha Livingstone namudula mutu, adaphanso Duncan MacCormick, ndipo ku Mwanje adapha Robert Ferguson. Akazi ndi ana a Azungu adatengedwa koma sadapwetekedwe, pakuti Chilembwe adalamula motero. Gulu lina lidapita ku Blantyre kukathyola nkhokwe ya zida ya Mandala, sitolo yomwe ija imene idayamba ndi kulipira anthu nsalu, koma lidangopezako mfuti zowerengeka. M'mawa mwake, Lamulungu, Chilembwe adalalikira m'tchalitchi chake mutu wa Livingstone uli poonekera. Pa 26 Januwale mishoni ya Akatolika ya ku Nguludi idatenthedwa, ndipo wansembe mmodzi adavulazidwa kwambiri. Izi ndi zinthu zoopsa, ndipo mbiri yoona siyenera kuzibisa. Magulu amene ankayembekezeka kuukira ku Zomba ndi ku Mulanje sadachite kanthu kooneka, ndipo la Filipo Chinyama ku Ntcheu lidabalalika msanga.

Asilikali a boma adalanda Mbombwe nagumula tchalitchi chija ndi mabomba. Pa 3 Febuluwale, 1915, Chilembwe adawomberedwa ndi apolisi achikuda m'dera la Mulanje, akulunjika ku malire a Mozambique. Mkulu wa boma amene adaona mtembo adalemba ngakhale zimene adavala: jekete yabuluu, thalauzi lotuwa, ndipo pamodzi ndi mtembowo padabwera magalasi ake ndi nsapato zakuda. Adaikidwa m'manda obisika, opanda chizindikiro. Anthu pafupifupi 40 adanyongedwa kapena kuwomberedwa ataweruzidwa mofulumira, ndipo pafupifupi 300 adaponyedwa m'ndende. Njilima, mwini masitolo uja, ndi Kufa adali pakati pa ophedwawo. Ida adamwalira mu 1918 ndi mliri wa chimfine umene udasesa dziko lonse lapansi.

Zimene Zidatsala

Boma lidakhazikitsa bungwe lofufuza chimene chidayambitsa kuukirako, ndipo lipoti lake lidatuluka mu 1916. Mboni zachikuda zidanena za thangata, za msonkho ndi za chikoti, koma zambiri zidabwerezanso nkhani ya chipewa, ndipo Mbusa Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre adadzudzula Azungu olandira ulemu osaubweza. Atsamunda ena adadabwa kuti kanthu kakang'ono chotero kangawawitse mitima ya anthu. Iwo sadamvetse kuti munthu amapirira njala nthawi yaitali kuposa mmene amapiririra kunyozedwa.

Mishoni ya ku Mbombwe idatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr. Daniel Sharpe Malikebu, amene ali mnyamata adaphunzitsidwa ndi mayi DeLany nawatsatira ku America, kumene adaphunzira udokotala. Lero dziko limakumbukira Chilembwe pa 15 Januwale chaka chilichonse. Nkhope yake idali pa ndalama zonse za pepala kuyambira 1997 mpaka 2012, ndipo mu 2016 idaikidwanso pa K2,000. Mu Sepitembala 2022 chiboliboli chotchedwa Antelope, chopangidwa ndi Mmalawi Samson Kambalu potsata chithunzi chija cha 1914, chidaimikidwa pa Trafalgar Square mumzinda wa London, ndipo chidakhalapo mpaka 2024. Pa chibolibolicho Chilembwe adaima wamtali kuposa Chorley, chipewa chili pamutu, pakati pa likulu la ufumu umene udamulamula kuchivula.

Phunziro kwa Achinyamata

Tsono tinene chiyani kwa mtsikana wa ku Mponela amene akufuna kukhala telala, kapena mnyamata wa ku Malomo amene maso ake ali pa sitolo, kapena wina wa pa boma la Ntchisi amene amakonda kukongoletsa malo a ukwati ndi kuyendetsa mwambo? Choyamba, asachite manyazi. Munthu wophunzira koposa m'dera lake, wobwera ndi maphunziro a ku America, adaika singano pamzere umodzi ndi buku, ndipo mkazi wake weniweni ndiye adali mphunzitsi wa kusoka. Telala wa pakhonde la sitolo ku Madisi, amene amasoka yunifolomu ya mwana wa sukulu ndi diresi la mkwatibwi, akupitiriza ntchito imene idayamba ndi anthu olemekezeka. Makolo amene amaletsa mwana luso lotere, namuumiriza kudikira ntchito ya mu ofesi imene mwina siidzabwera, aganizirepo kawiri.

Chachiwiri, kukonda zovala pakokha si ntchito. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zovala za pa Mbombwe zidali ndi tanthauzo chifukwa kumbuyo kwake kudali manja odziwa kusoka, sukulu, minda ndi njerwa. Wofuna kudya za mafashoni aphunzire kuyeza, kudula ndi kumaliza msoko bwino. Wofuna sitolo aphunzire kulemba zolowa ndi zotuluka, ndi kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Wokonza zikondwerero aphunzire kusunga nthawi ndi kusunga lonjezo.

Chachitatu, chimene chidagwetsa amalonda anzake a Chilembwe sichidali ulesi, koma kusowa mpamba ndi kulimbana ndi ogulitsa aakulu aliyense payekhapayekha. Vuto limeneli silidathe. Telala wa lero akupikisana ndi mabelo a kaunjika ndi zovala zotchipa zochokera kunja, ndipo mwini kasitolo amagula katundu pamtengo umene ena adaukonza. Yankho limene amuna aja adaliyesa mu 1909, losonkha pamodzi ndi kugula pamodzi, likadali lofunika kuliyesanso, ndipo ife tili ndi ufulu umene iwo adalibe.

M'gawo lotsatira tidzabwerera kuno kwathu ku Dowa, kuti tione moyo wa mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi, mlenje ndi wamalonda amene mbiri yake idalembedwa ndi Samuel Josiah Ntara, ndipo T. Cullen Young adaimasulira m'Chingelezi mu 1949.